Padi Yokokera Kumanzere

A Giya anali mphunzitsi wa zoyendetsa galimoto, ndipo dzinalo analitola pantchito pomwepo. Wophunzira akangoiwala kusintha giya, iwo ankakuwa liwu limodzi lokhalo, "Giya!", mpaka anthu oyenda m'mbali mwa msewu ankacheuka. Madalaivala ambiri a m'tauniyo anadutsa m'manja mwawo, ndipo iwo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Koma mukanawafunsa chinthu chimene ankanyadira kwambiri, sakanatchula galimoto yawo yophunzitsira ija ya mabuleki awiri. Akanakulowetsani pabalaza n'kukulozerani kabokosi kakuda kamene kankakhala pansi pa tivi, katafunditsidwa kansalu koluka ngati kakumva malungo.

Kabokosiko kanali makina a gemu opangidwa ndi kampani ya Nyenyezi. Makampani akuluakulu opanga makina otere analipo awiri, Nyenyezi ndi Mphenzi, ndipo ankakhala ngati mavenda awiri oyala malonda moyandikana: uyu akatsitsa mtengo, winayo amatsitsanso n'kuikapo banyira. Pakapita zaka zingapo aliyense ankatulutsa makina ena n'kuwatcha "m'badwo watsopano", akale aja n'kuyamba kuwadutsa ngati sakuwadziwa. A Giya anali ndi m'badwo wachiwiri. Eni ake anali atafika kale pa m'badwo wachinayi, koma nkhani imeneyo a Giya ankaimva ngati ya mvula yogwa kudziko lina.

"Mako ndi mako," ankatero akupukuta fumbi pakabokosipo, "usamuone kuchepa mwendo."

Anakagula nthawi imene Mzime, mwana wawo womaliza, mano akutsogolo anali ataguluka kumene. Kanabwera ndi mapadi awiri, zija munthu amagwira m'manja posewera, komanso zimbale zodzaza shelefu. Padi imodzi galu anaitafuna chingwe. Zimbale nazo zinatha pang'onopang'ono, zina kukandika, zina kubwerekedwa ndi anzawo a ana osabwezedwa, mpaka chinatsala chimodzi cha mpikisano wa magalimoto. Choncho masewera a pakhomopo anali olandizana: mmodzi azungulire bwalo, makina asunge nthawi yake, kenako apereke padi kwa mnzake kuti ayese kuiphwanya.

Mzime anakula, n'kukapeza kachipinda kake kutsidya lina la tauni, koyenda mabasi awiri. Komabe Lamulungu lililonse masana ankatulukira, kuvula nsapato pakhomo, kupatsa moni amayi ake kukhitchini, n'kudziponya pa sofa.

"Lero mulira, adadi," ankatero.

"Tinamvapo kale zimenezo," ankayankha a Giya akuchotsa kansalu kaja.

Tsono apa m'pamene panagona nkhani. A Giya anali ndi ana ena awiri akuluakulu, ndipo onsewo anali atasanduka mawu a pa foni. Ankaimba ndithu, ana abwino, koma a Giya foni sinkawayanja. "Muli bwanji adadi?" "Tili bwino." "Kukutentha?" "Kukutentha." Kenako zii, mpaka wina apulumutse mnzake ponena kuti, "Apatseni amami." Koma padi ikakhala m'manja, maso onse ali pa tivi, mawu ankangotuluka okha. Mzime ankasimba za landilodi wake wosakonza mpope, za dzino lomuvuta, ngakhale za mnyamata wina amene ankamudikirira pokwerera basi, zonsezo uku akupinda makona. A Giya nawo ankayankha ngati bambo, osati ngati mphunzitsi. Ankadziwa bwino lomwe kuti mwana wawo amamupeza pa sofa imeneyo pokha, ndipo ankaopa kuti tsiku limene kabokosiko kadzazime, Mzime naye adzalowa mu foni.

Mdani wamkulu wa kabokosiko anali alamu awo, achimwene a akazi awo, amene anthu ankangowatcha a Matayala chifukwa cha malonda awo. Kalekale a Matayala anayesako kusewera, ndipo asanafike n'komwe pa kona yoyamba, galimoto yawo inakaomba khoma la kumanzere. Anayesanso, khoma lomwelo.

"Alamu, padi yanuyi ikukokera kumanzere."

"Ophunzira anga onse olephera amanamizira chiwongolero," anayankha a Giya. Analanda padiyo n'kupatsa Mzime, amene nthawi imeneyo miyendo yake sinkafika pansi akakhala pa sofa, ndipo mwanayo anazungulira bwalo lonse osakhudza khoma.

A Matayala anachita manyazi, ndipo manyazi a munthu wamkulu sathera pomwepo. Mwezi womwewo anakagula Mphenzi. Kuyambira pamenepo, Mphenzi akatulutsa m'badwo watsopano iwo ankakhala oyamba pamzere, ndipo ankabwera kudzalengeza okha ngati kwawo kwabadwa mwana. Ndiye taganizani chimwemwe chawo tsiku limene Mzime anafika atavala malaya achikasu okhala ndi chizindikiro cha mphenzi pachifuwa. Anali atapeza ntchito m'sitolo yogulitsa makina a kampani imeneyo.

"Mwana wa mlongo wanga waona kuwala!" anakuwa a Matayala.

A Giya anayang'ana malayawo kwa nthawi yaitali. "Ntchito ndi ntchito," anatero pomaliza. "Koma uziyamba wavala juzi pamwamba usanagwire padi yanga."

Mzime ankavaladi juzi, ngakhale kunja kutenthe bwanji.

Kabokosi kanayamba kudwala m'nyengo yotentha yomweyo. Kankati kakayatsidwa, kankalira ngati basi yakale yokwera chitunda, kenako pakati pa mpikisano n'kungozima, thi! Mwatsoka kankakonda kuzima Mzime ali pafupi kupambana, mwakuti mwanayo anayamba kusuzumira kuseri kwa sofa kuti aone ngati bambo ake sanali kuponda chingwe.

A Giya sanagwe mphwayi. Anakakweza pa makapu kuti mphepo izidutsa pansi. Anakatembenuza chagada chifukwa wophunzira wawo wina anati msuweni wake anachita zomwezo. Anakaikira botolo la madzi oundana pambali, botololo atalikulunga sokosi. Pomaliza anatenga fani ya kuchipinda n'kuiloza pa kabokosipo.

"Ine n'tadwala chaka chatha simunandiikire fani," anatero akazi awo ataima pakhomo la kukhitchini, manja ali m'chiuno.

"Inu munkazima?"

Zitakanika zonsezi, anakakulunga m'thaulo, n'kukakhazika pa mpando wa wophunzira, n'kukamanga lamba. Anapita nako kwa Dokotala, bambo wina wokonza zamagetsi amene anali ndi kanyumba kuseri kwa masitolo. Dzinalo anamupatsa chifukwa cha jekete loyera limene sankavula, ndipo iye anali atalilandira ndi manja awiri.

"Wodwalayu ali ndi zaka zingati?" anafunsa akumasula masikuluwu.

"Sanakalambe."

Dokotala anatsegula, anauzira fumbi, ananunkhiza, n'kupukusa mutu. "Bambo, kachitsulo kamene katopa umu eni ake anasiya kupanga. Analengeza kale kuti m'badwo uwu atsanzikana nawo."

"Analengeza kwa yani? Ine sanandiuze."

"Makinawa sawapanga kuti akalambe nanu limodzi. Zaka zingapo, basi, akufuna mubwererenso m'sitolo. A Mphenzi amachitanso chimodzimodzi. Pamenepo pokha m'pamene awiriwa amagwirizana." Anathirathira timankhwala take, anawotcherera penapake, n'kutseka. "Ndangopha ululu, musandiyese mfiti. Koma padi yanuyi ndiye ili ndi moyo wautali. Zikadzavuta, ndili ndi kachingwe kolumikizira padi ya Nyenyezi ku makina a Mphenzi. Amadana ndi mabwana okha, mawaya sadana."

"Mukundiyesa ndani?" anatero a Giya. Anakulunganso wodwala wawo m'thaulo n'kutuluka osatsanzika.

Lamulungu lotsatira kabokosi kanapirira mpaka Mzime atatsala pang'ono kumaliza bwalo, kenako thi! Mwanayo anaika padi pamwendo n'kupumira m'mwamba.

"Adadi, tiyeni tinene zoona, agogowa atopa. Ndikupezereni Mphenzi. Zithunzi zake mpaka mumaona madontho a mvula pa galasi la galimoto. Ndiye chokoma kwambiri, imalumikizana pa intaneti. Inu mukhala pano, ine kwathu, tikupikisana nthawi imodzi, aliyense ndi padi yake. Palibenso zodikirana, palibenso mabasi awiri."

Ananena mwachizolowezi cha kuntchito, ndi kaliwu kaja ka ogulitsa malonda, osaganiza kanthu. Koma a Giya zonse za madontho a mvula zinawadutsa. Anangomva zakuti palibenso mabasi awiri.

"Chikomekome cha nkhuyu," anatero, "m'kati muli nyerere."

Mzime anaseka, poganiza kuti ndi nkhondo yakale ija ya Nyenyezi ndi Mphenzi. Amene sanaseke anali amayi ake. Mwana atapita, anabwera ndi dengu la zovala zochapa n'kuyamba kupinda pa sofa pomwepo.

"Inu, Mphenzi inakulakwirani chiyani kwenikweni?"

"Mabatani ake ndi onyada."

"Mabatani."

"Eee, mabatani."

"Abambo, ine ndakhala nanu kuyambira musanamere dazi. Si mabatani. Mukuopa kuti mwana asiya kubwera."

A Giya anatola sokosi imodzi n'kuyamba kufunafuna inzake mwakhama.

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, zimenezo tivomereze. Koma bwanji osangomuuza kuti mumafuna kumamuona?"

"Ndimuuze kuti chiyani? Kuti azipanikizika m'mabasi awiri kudzayang'ana nkhalamba? Ali ndi moyo wake. Akabwerera gemu, wabwera yekha. Akabwerera ine, ndiye kuti ndamupempha."

Akazi awo anawalanda sokosiyo, chifukwa inzake inali pa botolo la madzi oundana lija.

Kabokosi kanatsamira mkono m'kati mwa sabata. A Giya anakayatsa kuti angoona mmene kagonera, ndipo kanaphethira kamodzi kanyali kofiira, kanatulutsa kafungo ka waya wopsa, basi. Dokotala atauzidwa pa foni anangoti, "Pepani maliro." A Matayala ndiye anabwera okha, chipewa chili m'manja, nkhope ataigwetsa ngati munthu wachisoni, koma mapewa akugwedera.

"Ndamva zovuta, alamu. Ndibweretse tayala limodzi likhale nkhata?"

Lamulungu Mzime anabwera monga mwa nthawi zonse. Anavula nsapato, anakhala pa sofa, ndipo juzi sanavale chifukwa panalibe choivalira. Amayi ake anabweretsa tiyi n'kubwerera kukhitchini dala. Bambo ndi mwana anakhala moyandikana akuyang'ana tivi yozima, mmene nkhope zawo zinkaonekeramo mbuu.

"Kuntchito zikuyenda?" anafunsa a Giya.

"Zikuyenda."

Mzime anamwako tiyi.

"Kukutentha," anatero Mzime.

"Kukutentha," anavomera a Giya, ndipo atangotero anadzimva okha. Mawu a pa foni aja anali atalowa pabalaza.

Mzime sanakhalitse. Akuvala nsapato pakhomo anati, "Lamulungu likubwerali sindibwera, adadi. Tili ndi chionetsero kusitolo, tonse atiuza tikakhalepo."

Sabata imeneyo a Giya anaphunzitsa mosaikirapo mtima. Wophunzira wina anayenda msewu wonse pa giya yoyamba, galimoto ikubuula, iwo osakuwa n'komwe, mpaka wophunzirayo anafunsa ngati akudwala. Padi anali ataizula pa kabokosi kakufa kaja n'kuiika m'thumba la jekete, ndipo ankayenda nayo paliponse, chala chachikulu chikuseweretsa kandodo kake m'thumba momwemo. Litafika Lamulungu, anakhala pa sofa atavala jekete lomwelo, akuyang'ana kukhomo. Akazi awo anawapirira mpaka masana, kenako anabweretsa nsapato zawo n'kuziika pamapazi pawo.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nyamukani."

Sitoloyo inali yowala ngati chipatala. Pakhomo anamangapo mabaluni achikasu, ndipo pakati panali tivi yaikulu ngati chitseko, anthu ataunjikana kuonerera magalimoto akuthamanga. Madontho a mvula ankaonekadi pa galasi, zimenezo a Giya anavomera chamumtima. Mzime atawaona anatsala pang'ono kugwetsa bokosi limene ananyamula.

"Adadi! Kwagwanji?"

"Ndimangodutsa. Ndimafuna mababu."

"Kuno sitigulitsa mababu."

"Ndaona."

Akanatha kuthawa pomwepo, koma a Matayala, amene chionetsero cha Mphenzi sichinkawaphonya, anali atawaona kale. Anadutsa pakati pa anthu atavala kapusi yachikasu, manja ali m'mwamba.

"Anthuni, patukani! Wafika mphunzitsi wa madalaivala onse a m'tauni muno! Munthu amene sanagundepo khoma chibadwire! Mupatseni padi!"

M'gulumo munali ena amene anaphunzira galimoto kwa a Giya, ndipo anayamba kuwomba m'manja. "Aonetseni, aphunzitsi!" Pamenepo munthu ukakana umaoneka wamantha. A Giya analandira padi ya mdaniyo, yopepuka, yosalala, yonunkhira upya. Anaimika miyendo bwinobwino. Nyali zoyambitsira mpikisano zinasintha, galimoto inanyamuka, chala chawo chinachita zimene chakhala chikuchita zaka zonsezi, ndipo galimotoyo inakhotera kumanja n'kukaomba khoma, khoo!

Anthu anaseka pang'ono, mwaulemu. A Giya anayambiranso. Khoo! Khoma lomwelo. Ulendo wotsatira analuma mano, anaweramira kutsogolo, anagwira padi ngati akukama ng'ombe yolusa, koma galimoto inapita kukhoma la kumanja ngati ili ndi chibale kumeneko. Kumbuyo kwa gulu wina anakuwa ndi mawu onse, "Giya!" Apo ndiye ulemu unatha, sitolo yonse inagwa nako kuseka.

A Giya anatembenuza padiyo uku ndi uku. Thukuta linali kamukamu pa dazi.

"Padi iyi," anatero, "ikukokera kumanja."

A Matayala anatseka maso ngati munthu amene walawa chinthu chokoma. Mawu amenewa anawadikira kuyambira Mzime ali wosafika miyendo pansi.

"Ophunzira onse olephera," anatero pang'onopang'ono kuti aliyense amve, "amanamizira chiwongolero."

Atakhuta kuseka, anapukuta misozi n'kukodola Mzime. "Mwana wa mlongo wanga, tabwera uwaonetse abambo akowa mmene timayendetsera kuno kwathu."

"Amalume, ndili pa ntchito. Azisewera ndi makasitomala."

"Komadi," anatero mtsikana wina wa malaya achikasu amene ankagwira naye ntchito, "uyu sitinamuonepo akuyendetsa. Gemu ya magalimoto ikangoyatsidwa, amapeza chochita kosungira katundu."

Gulu linayamba kumuitanira. Mzime anayang'ana kukhomo, anayang'ana kudenga, kenako anayang'ana bambo ake ndi maso achilendo, ngati a mwana amene wagwidwa dzanja lili m'shuga. Analandira padi. Nyali zinasintha. Galimoto inanyamuka mwaukali, bwino kwambiri, n'kukhotera kumanja, n'kukaomba khoma pamalo penipeni pamene bambo ake anasiya zipsera za matayala.

Kenako a Matayala anakhala pansi pa bokosi la katundu, atagwira nthiti.

"Bambo mbuu, mwana mbuu!"

M'phokoso limenelo Mzime anasendera kwa bambo ake n'kulankhula motsitsa. "Amalume ankanena zoona, adadi. Padi yathu ija imakokera kumanzere. Ife tinazolowera kukankhira kumanja kuti tiyende mowongoka. Ndinazindikira tsiku langa loyamba kuno, n'tagunda khoma pamaso pa abwana."

"Nanga bwanji sunandiuze?"

"Mukanati ndikunamizira chiwongolero."

A Giya anayang'ana chala chachikulu cha mwana wawo, chimene chinali chikadatsamira kumanja pa kandodo ka padi ya eni. Anachita manyazi, inde, pakuti mphunzitsi wa madalaivala anali ataphunzitsa mwana wake yemwe kuyenda mokhota. Koma pansi pa manyaziwo panali chimwemwe chimene sanathe kuchibisa. Mwanayu anasamuka, anavala malaya a adani, koma chala chake chinali chikadali cha pa sofa yawo. Anapisa dzanja m'jekete n'kutulutsa padi yakale ija, yofufuma mabatani, chingwe atachikulunga mozungulira.

"Mumayenda nayo?" anafunsa Mzime.

"Inalowa yokha m'thumba."

Mzime ataweruka, iye, bambo ake ndi a Matayala anazungulira kuseri kwa masitolo. Dokotala sankadziwa Lamulungu, ndipo anawalandira ngati wakhala akuwadikira. Anatulutsa kachingwe kaja m'kabati, anakalumikiza ku Mphenzi yake yoyesera zinthu, n'kulowetsamo padi ya Nyenyezi. A Giya anayembekeza kuti pachitika utsi, koma makinawo anangomulandira mlendoyo osafunsa kumene wachokera. A Giya anazungulira bwalo lonse osakhudza khoma. Mzime anazungulira mofulumira kuposa iwo. A Matayala anati nawonso ayese, popeza makinawo ndi a kwawo, ndipo anakaomba khoma la kumanzere ngati kale.

Dokotala anatenga padiyo n'kuigwedeza pafupi ndi khutu. "Ndi kasipuling'i chabe katopa. Ndikonze? Musanakhale n'komwe pansi ikhala itawongoka."

"Ayi!" anakuwa bambo ndi mwana nthawi imodzi, mpaka Dokotala anabweza sikuludiraiva m'thumba la jekete lake loyera.

Makina olowa m'malo mwa kabokosi kakufa kaja anachokera kwa a Matayala. Anali ndi Mphenzi ya m'badwo wapitawo imene inkangodya fumbi pamwamba pa kabati, pakuti nayonso eni ake anali atayamba kuidutsa ngati sakuidziwa. Anati aipereka pokhapokha alamu awo anene pamaso pa anthu kuti Mphenzi ndi makina.

"Ndi makina ndithu," anatero a Giya. "Ngakhale chigayo ndi makina."

Kunyumba anaiika pansi pa tivi, ndipo pamwamba pake anasanjikapo Nyenyezi yakufa ija, kuti mlendoyo adziwe wamkulu ndani pakhomopo. Kansalu koluka kanafunda zonse ziwiri.

Lamulungu lotsatira Mzime anafika, anavula nsapato, anafunsa ngati juzi ikufunikabe. A Giya anati padi sinasinthe, choncho lamulo silinasinthe. Anasewera molandizana ngati kale, ndipo mawu anabwerera okha. Landilodi anali atakonza mpope koma n'kuthyola chitseko cha bafa. Dzino lija analichotsa. Mnyamata wa pokwerera basi uja anali atayamba kufunsa kuti bambo ake a Mzime amakonda chiyani, ndipo a Giya anamva zimenezi ali pa kona yovuta, n'kuyankha kuti amakonda anthu odziwa kusintha giya. Mzime anapambana, ndipo nthawi ino makina sanazime kuti awapulumutse.

Koma sabata yonseyo a Giya anali akusinkhasinkha, ndipo zimene anapeza sizinawasangalatse. Anaona kuti iwo anali atamumanga mwana wawo ndi chingwe cha padi, ndipo ankamukoka nacho kudutsa tauni yonse, m'mabasi awiri, popanda kumufunsa ngati akufuna. Kukachipinda ka Mzime kunali Mphenzi yakeyake imene sankatha kuyendetsapo galimoto chifukwa cha iwo. Choncho mwanayo atayamba kuvala nsapato, iwo anazula padi pamodzi ndi kachingwe ka Dokotala, anazikulunga bwinobwino, n'kumutsatira pakhomo.

"Tenga," anatero. "Uzikasewera kwanu momasuka. Ine ndiphunzira yowongokayo, ndine mphunzitsi. Tizipikisana pa intaneti pako paja. Usamavutike ndi mabasi."

Mzime anayang'ana padiyo, koma manja sanatambasule. Anamaliza kaye kumanga chingwe cha nsapato, n'kuimirira.

"Adadi, ndikaitenga imeneyi, Lamulungu ndiziti ndikubwera kudzatani?"

Zaka zonsezi a Giya ankaganiza kuti wosowa chonamizira ndi iwo okha. Kukhitchini mpope umene unkathira madzi unatsekedwa, ndipo anadziwa kuti akazi awo aima phee, akumvetsera.

"Ibwezeni pamalo pake," anatero Mzime akuwakankhira padiyo pachifuwa. "Ndipo musalole amalume aigwire, angaiwongole."

A Giya anaima pakhomo mpaka mwana wawo anakhota pa kona ya msewu. Asanabisike, anamukuwira ndi mawu awo a pantchito aja, oti anthu odutsa n'kucheuka, kuti sabata yamawa asachedwe, chifukwa nthawi yake ija aiphwanya.